Tsiku Limene Madzi Anapeza Yotamu m'Chipululu

Anzanga, ndaipeza! Mukukumbuka kuti aphunzitsi a Chichewa anatituma kuti aliyense akafufuze kumene mwambi umodzi unachokera? Wangawu ndayenda nawo sabata yathunthu osaupezera mwini, mpaka dzulo tayala la njinga yanga litaphwa pamsika. Bambo amene amamata machubu patsinde pa mbawa paja ndiwo andiuza zonse, akuti ndi nkhani ya agogo awo enieni, ndipo ndathamanga kudzailemba ndisanaiwale. Ena adzati mwambiwu ndi wakale kuposa njinga. Alekeni. Ine ndikulemba mmene ndamvera.

Kalekale, njinga zikadali zosowa, panali mtsikana dzina lake Eneresi ndi achimwene ake, Yotamu. Yotamuyo anali mmisiri wa njinga, ndipo yakeyo ankaikonda mpaka anaipatsa dzina loti Namzeze. Anthu obwera kumigodi anamuuza kuti kumadzulo kwenikweni, ukadutsa dziko lopanda mvula, kuli nyanja ya mchere imene dzuwa limamiramo. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso pansi.

Mayi awo anakana, nakana, mpaka anatopa. Potsiriza anaitana Eneresi.

"Mwana wanga, mlongo wakoyu ali ndi miyendo, koma maso uli nawo ndiwe. Pita naye. Mukuchoka awiri, mudzabwere awiri."

Mawu amenewa Eneresi anawanyamula, ndipo ankamulemera kuposa katundu yense.

Anamanga pa keliyala katenti, kapoto, mpope wopopera matayala, guluu womatira machubu ndi zigubu za madzi. Eneresi ankamangira katundu wake ndi mphira zodula ku machubu akale, koma iye anaziluka zitatuzitatu ngati tsitsi, zazitali kuposa zofunika.

"Chemwali," ankatero Yotamu, "kodi kunyanjako ukukatsegula sitolo ya malegeni?"

"Sekani, achimwene. Tsiku lina mudzabwereka."

Anapalasa miyezi iwiri. Minda inatha, mitengo inafupika, kenako dziko linangoti mbee, miyala ndi mchenga basi. Matauni ake anali ang'onoang'ono, otalikirana masiku atatu kapena anayi, ndipo mayina ake lilime lawo silinkawatha, choncho ankangowatcha okha. Kwina anati Pamphepo, kwina Pambuzi. Yotamu ankapalasa akuimba likhweru. Eneresi ankapalasa akumvetsera chigubu chake, chifukwa chikayamba kulira kuti khutchukhutchu ankadziwa kuti madzi atsika, ndipo mtima wake unkatsika nawo limodzi.

Tsiku lina anafika pa katauni kamene anakatcha Pamwala. Nyumba zake khumi zamalata zinamangidwa pathanthwe, poyera, popanda ngakhale kamtengo. Koma kumunsi kwake kunali khwawa lalikulu la mchenga woyera, ndipo m'menemo munali mzere wa mitengo ya misangu, yeniyeni ngati ya kwawo, mthunzi uli bii.

"Anthu a kuno mitu yawo siikoka," anatero Yotamu ali pamjigo. "Mthunzi uli apo, iwo n'kumadziwotcha pamwala ngati abuluzi."

Munthu woyang'anira mjigowo, bambo wa imvi, anagwetsa ndowa.

"Mwati abuluzi? Inu! Bwerezaninso, ndimve bwino!"

Anali a Kalilombe, mtchona amene anachoka kwathu kuno ali mnyamata napita kumigodi, osabwereranso. Chichewa chawo chinali chitachita dzimbiri, koma anawagwira manja osafuna kuwasiya, nafunsa ngati kumudzi masuku akadabereka. Atawadzazira zigubu, nkhope yawo inasintha.

"Ana anga, msewu wanuwu mawa udutsanso khwawa lomweli, kumunsi uko. Kuwoloka wolokani. Koma musatulemo katundu, musagonemo."

"Chifukwa chiyani, bambo?" anafunsa Eneresi.

"Muli mwini wake. Madzi."

Yotamu anayang'ana kumwamba, kuli tetete. "Kodi mvula inagwa liti kuno?"

"Chino n'chaka chachinayi."

"Ndiye mwini wakeyo anasamuka kalekale!"

"Mvula siigwa kuno, mwana wanga. Imagwa kumapiri uko, kutali. Ife timangolandira."

Yotamu anathokoza mwaulemu, koma atangopotoloka ananong'oneza mlongo wake. "Akuluwa dzuwa linawalowa m'mutu. Mvula imayamba yaodira. Pamabwera mitambo, achule amalira, mafulufute amatuluka. Ine ndakulira kumvula, angandiuze za madzi munthu amene sanaone dontho zaka zinayi?"

Eneresi ankangoyang'ana nyumba zija. Kodi mabanja khumi onse angathawe mthunzi popanda chifukwa?

Mawa lake ananyamuka m'mamawa. Dzuwa litafika paliwombo, mpweya unkawotcha m'mphuno, ndipo zitsulo za njinga sizinkagwirika. Anatsetsereka kulowa m'khwawa lija, ndipo ali pakati penipeni, tayala lakumbuyo la Namzeze linangoti phuu!

"Basi, Mulungu watisankhira malo," anatero Yotamu. Anagadamitsa njingayo pansi pa msangu, nachotsa tayala, nayamba kukhoma tenti. "Tigona pompano. Mchenga wofewa ngati matiresi, mthunzi waulere."

"Achimwene, a Kalilombe aja anati chiyani?"

"Anati ndiwotche msana wanga pamwala chifukwa cha mvula ya zaka zinayi zapitazo. Khala pansi, iwe."

Eneresi anakhala, koma pansi panamukana. Anadzuka n'kuyamba kuzungulira mtengowo. Atakweza maso anaona udzu wouma, timitengo ndi zinyalala zitakulungana m'nthambi, pamwamba poti ngakhale atatambasula dzanja sakanafikapo. Anapita pa mtengo wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi. Ndipo zonsezo zinakoledwa mbali imodzi, yoyang'ana kumapiri.

"Achimwene, bwerani muone. Anaika izi ndani?"

"Mbalame," anayankha Yotamu osadzutsa mutu.

"Ndi mbalame yanji imene imanyamula chibade cha mbuzi?"

"Ya kuno. Zonse za kuno n'zamisala."

Eneresi anatuluka pamthunzipo. Anasuzumira kumene kunkachokera khwawalo. Kutali kwambiri, pamwamba pa mapiri ooneka ngati utsi, panali kamtambo kakuda kosaposa chikhatho. Anakayang'anitsitsa, ndipo kanaphethira kamodzi, mphezi itang'anima.

"Tiyeni tikwere kumtunda, chonde. Chubucho mukamatira komweko."

"Guluu sagwira padzuwa lotere. Ukufuna tikhale muno mpaka Khirisimasi?"

"Ndiye ine ndikupita."

"Pita. Koma ukapsa usabwere kudzapempha mthunzi, ndidzakulipiritsa."

Eneresi anakankha njinga yake mumchenga, naikweza pagombe la miyala, ali wefuwefu. Anakhala pathanthwe lotentha atafunda chitenje kumutu. Pansi apo ankaona mapazi a Yotamu atatulukira pakhomo la tenti. Mwina achimwene akunena zoona, ankadziuza. Mwina ndine wamantha chabe. Koma akati atsike, mawu a mayi ake ankamugwira mwendo, ndipo akati akhale, ankamufunsa kuti nanga mnzako wamusiyiranji? Anatsika kawiri kukamudandaulira. Kachiwiriko anamupeza akuliza mkonono.

Dzuwa litapendeka, kunabwera kamphepo kozizira. Kanali ndi fungo limene Eneresi anali atalisowa miyezi iwiri, fungo la dothi lonyowa. Pamwamba pawo panalibe mtambo ndi umodzi womwe. Kenako anamva mkokomo wapansipansi, ngati sitima ikubwera, kumene kunalibe njanji.

Anaimirira. Pokhota khwawa panatulukira chinthu chofiirira chikukwawa. Poyamba sichinaoneke ngati madzi. Zinali zitsa, nthambi ndi thovu, zikugubuduzika, zikukankhana, ndipo kumbuyo kwake kunali chimtsinje chathunthu.

"Achimwene! Madzi! Achimwene, thawani!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Anatola mwala n'kugenda tenti. Yotamu anatuluka akutikita m'maso, nayang'ana, ndipo tulo tonse tinabalalika. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka kulunjika kugombe. Anatsala pang'ono, anzanga, pang'ono zedi! Ndiye anaima. Anacheuka.

"Namzeze!"

"Isiyeni! Achimwene, isiyeni!"

Koma anabwerera. Anainyamula paphewa, yopanda tayala limodzi, n'kuyamba kubwera nayo. Madzi anamupeza m'mapazi. Asanaponde kachitatu anali m'mawondo, kenako m'chiuno. Tenti inadutsa pambali pake ikuzungulira ngati tsamba. Chitsa chinamumenya m'nthiti, ndipo anagwa, namira, natulukira kumunsi atakolowekera mkono pa kamsangu kakang'ono kamene kanamera kufupi ndi gombe. Dzanja linalo linali likadagwira handulo ya njinga.

Eneresi anathamangira pa njinga yake. Anamasula mphira zake zoluka zija, katundu n'kumwazika, nazilumikiza zonse pamodzi ndi chitenje. Njinga yake anaipanikiza chopingasa pakati pa miyala iwiri, namangirira nsonga imodzi pachitsulo chake. Kunsonga inayo anamangirira mpope kuti ilemere. Anaponya. Madzi anaikankhira kutali. Anakoka, naponyanso kumtunda pang'ono, ndipo mpopewo unayandama n'kukakola pa kamtengo kaja, pafupi ndi nkhope ya Yotamu.

"Gwirani!"

Koma agwire ndi chiyani? Mkono wina unali pamtengo, wina panjinga. Kamsanguko kanayamba kuwerama, mizu ikutuluka umodziumodzi.

"Tayani njingayo!"

"Ndi Namzeze, Eneresi! Ndinaimanga ndekha!"

"Amayi anati tidzabwere awiri! Za njinga sananene! Mukufuna ndikawauze chiyani? Ndikawauze chiyani, achimwene?"

Yotamu anayang'ana mlongo wake, nayang'ana njinga. Anatambasula zala. Namzeze inatembenuka kamodzi, tayala lake likuzungulira m'mwamba, n'kumira. Iye anagwira chingwe chija, nachikulunga padzanja, ndipo nthawi yomweyo kamtengo kanazuka n'kupita.

Mphira ija inatamuka. Inatamuka, niwonda, mpaka Eneresi anatsinzina kuti asaone ikuduka. Lamba mmodzi mwa atatu olukidwa aja anaduka kuti thapu! Koma awiri otsalawo anagwira. Madzi omwewo anamukankhira Yotamu m'mbali ngati nsomba ya pambedza, mpaka anagunda miyala ya gombe. Eneresi anagona chafufumimba, namugwira kolala, nakoka ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo.

Onse awiri anakhala pathanthwe. Yotamu ankasanza madzi amatope, thupi lonse lili minga yokhayokha. Dzuwa linkawalabe ngati palibe chachitika.

"Koma mvula sinagwe," anatero potsiriza. "Zaka zinayi, chemwali. Madziwa anadziwa bwanji njira?"

Eneresi analoza mitengo ija, imene tsopano inkangooneka nsonga. "Njira ndi yawo, achimwene. Alendo ndife. Madzi saiwala khwawa."

Anabwerera ku Pamwala pa njinga imodzi. Popeza nthiti za Yotamu zinkapweteka, wopalasa anali Eneresi, ndipo mmisiri wamkulu uja anakhala pa keliyala ngati thumba la chimanga. Anthu a m'tauni anatuluka kudzaona, ndipo a Kalilombe anathamanga, nawakumbatira onse awiri, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Nanga ulendo wa kunyanja?" anafunsa atawapatsa tiyi.

"Bambo," anatero Yotamu, "madzi ndawaona okwana."

Atachira anauyamba wobwerera kwawo, akusinthana kupalasa. Tsiku limene anatulukira pabwalo, mayi awo sanafunse za njinga, kapena za tenti, kapena za nyanja. Anagwira mutu wa uyu, nagwira wa uyo, n'kuyamba kululutira mpaka mudzi wonse unasonkhana. Yotamu ankafotokozera aliyense wobwera kudzakonzetsa njinga, ndipo nthawi zonse ankamalizira ndi mawu a mlongo wake aja. Anthu anawatola, nawapititsa kutali kuposa kumene Namzeze inafika.

Koma dikirani, chokoma chenicheni n'chino! Patapita chaka, pamudzipo panafika bambo wa imvi atanyamula kasutikesi, akufunsa njira ya kwawo ndi Chichewa cha dzimbiri. Anali a Kalilombe! Akuti chichokereni ana aja, tulo sankatipeza, ankangolota masuku. Eneresi atawaona anawomba m'manja, nati, "Achimwene, bwerani muone! Ena aja akumbukira khwawa lawo!"

Ndiye mukamva akulu akuti madzi saiwala khwawa, akutanthauza kuti chinthu chimene chinazolowera njira yake chimadzabwereramo, ngakhale papite zaka zingati. Khalidwe limene munthu analisiya likhoza kumubwerera, vuto limene linadutsa pamalo likhoza kudutsaponso, ndipo mtchona amene tinamuiwala tsiku lina amagogoda pakhomo. Choncho ukapeza malo abwino amene eni dziko akuwalambalala, usafulumire kuwatcha abuluzi. Yamba wakweza maso, uone zimene zakoledwa m'nthambi.