Utsi wa pa Chinkhoswe cha Thandizo

M'nyumba ya a Eneya Msosa ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, munali tebulo lodyera lomwe anthu analeka kale kudyerapo. Pamenepo pankakhala sitima. Sikuti yokwera anthu ayi, koma kasitima ka nthunzi kotalika ngati mkono, komwe a Msosa anakapeza pamsika wa zinthu zakale kali dzimbiri lokhalokha, mawilo atauma gwa. Masana bambowa ankagwira ntchito mu labotale ya chipatala. Madzulo ankavala epuloni ndi kapusi, n'kusanduka injiniya wamkulu. Banja linkadyera pamiyendo.

Tisawalande ulemu wawo, ntchito anaigwiradi. Anapala dzimbiri lonse, anamata boyila yowiritsira madzi pomwe inkadontha, anapukuta mkuwa mpaka munthu kumadzionerapo, n'kulemba m'mbali mwake dzina loti Limbe. Tsiku lomwe kasitimako kanayenda koyamba, a Maness, akazi awo, anaimba nthungululu poganiza kuti tebulo labwerera. Koma mwini wake anali ndwii. Kasitimako kankawiritsa madzi ndi gasi, motero kankangotulutsa kanthunzi koyera.

"Sitima yopanda utsi ndi ketulo ya mawilo," anatero a Msosa. "Bambo anga sankayendetsa ketulo."

Malemu bambo awowo ankathira malasha pamoto m'sitima ya pakati pa Limbe ndi Nsanje. Koma nkhaniyi ikamakambidwa, malemuwo ankakwezedwa pantchito chaka ndi chaka, moti pofika nthawi imeneyi anali atafika pa udalaivala.

Choncho a Msosa anachotsa gasi, napanga kang'anjo ka malasha, nakulitsa chumuni. Ku kalabu ya okonda masitima, mnzawo wa ku Scotland komweko, John, anayamikira luso lawo, koma anawonjezapo mawu.

"Malasha ndi a panja, Eneya. Usadzayatse m'nyumba."

A Msosa anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva. Anakayesera kuseri kwa mafulati, pomwe mphepo inanyamula utsi wonse kupita nawo kungalande, wotsala n'kuusiya pa zovala za aneba. Iwo anangoona ulemerero.

Nthawi imeneyo mwana wawo mmodzi yekhayo, Thandizo, ankakonzekera chinkhoswe ndi mnyamata wotchedwa Percy. Holo inapezeka ya tchalitchi china ku Shawlands, ya masana okha. Amalume ake a Percy, omwe anali nkhoswe, anachita kuchokera ku Zomba. Thandizo anapempha chinthu chimodzi: tsikulo lidutse mwaulemu pamaso pa akuchimuna.

Apa m'pamene a Msosa analengeza kuti mphete zidzabwera pa sitima.

"Dad, no," anatero Thandizo, yemwe anakulira ku Glasgow ndipo akakwiya Chichewa chinkamuthawa.

"Bambo a Thandizo," anatero a Maness, "m'nyumba muno buledi akangopserera, alamu ija imalira ngati kwagwa maliro. Nanji malasha?"

"Holo ija ndi yaitali denga, mayi. Izi ndi za sayansi, tisiyireni ife."

Thandizo anavomera pokhapokha bambo ake atabwezeretsa gasi. A Msosa anati aona. Munthu akati aona ndiye kuti waona kale.

Tsiku linafika. Amayi anatchena zitenje zofanana, abusa anapemphera, ankhoswe analangiza ana mpaka anthu kuwomba m'manja. Kenako a Msosa anaimirira, kapusi ili kumutu, naitanitsa bata. Njanji anali ataiyala patebulo lalitali, kuchokera kukhomo mpaka pomwe panakhala Thandizo ndi Percy. Anayatsa moto wa malasha, nadikira madzi kuwira, uku akufotokozera alendo mbiri ya njanji ku Malawi.

Kasitima kanalira, n'kunyamuka: tchu, tchu, tchu! Kunena zoona, kanayenda mokongola. Utsi wakuda bii unatuluka m'chumuni, ndipo a Msosa anaima chilili, chifuwa patsogolo, misozi ili lengelenge.

"Eee, koma ndiye Limbe yeniyenitu!" anafuula amalume a ku Zomba.

Anali mawu omaliza kumveka bwino m'holomo. Utsi utangofika kudenga, alamu inalira mogonthetsa m'khutu. Ana anayamba kulira, amayi kutsokomola, ndipo mwaye unatera pa keke ndi pa diresi la Thandizo ngati tsabola. Woyang'anira holo anatulutsa aliyense. Mphete zinatsala m'kati, zili m'kangolo ka sitimayo, pakati pa ulendo.

Anthu anaima pamalo oimika magalimoto, mphepo ya Glasgow ikulowa m'zitenje. Amalume a ku Zomba ankanjenjemera m'suti yawo yopyapyala. Ozimitsa moto anafika ndi galimoto lawo lofiira, nalowa, napeza moto wokwana m'supuni. Mmodzi wa iwo anatuluka atanyamula kasitimako ndi magolovesi.

"Nkayani aka?"

A Msosa anakweza dzanja pang'onopang'ono. Kapusi anali ataibisa m'thumba.

Pamene utsi unkatha, nthawi ya holo nayonso inali itatha, gulu la masewera olimbitsa thupi likudikira pakhomo. Thandizo ndi Percy anavekana mphete panja pomwepo, pakati pa magalimoto awiri, abusa atagwira mapepala awo kuti asauluke. Chakudya alendo anatengera kunyumba m'makontena.

"Achimwene," anatero amalume aja pogwirana chanza ndi a Msosa, mano akugundana, "ndayenda ulendo wautali kudzaona mpongozi. Sindinkadziwa kuti ndidzaonanso ozimitsa moto a kuno. Zikomo kwambiri."

Thandizo anakhala masabata angapo osawayankhula bambo ake. Atatsegula pakamwa, anayankhula Chichewa chomveka bwino kuti pasakhale kunamizira kusamva.

"Adadi, pa ukwati wanga mudzandiperekeze, mudzakhale pansi. Zoyankhula adzayankhula amalume."

A Msosa anali atayamba kale kukonza mawu odzanena pa ukwatiwo, ndipo anali mawu ambiri. Anayang'ana kwa akazi awo kufuna chithandizo, koma a Maness anali kuchapa chitenje chawo kachitatu.

Utsi anaufuna okha, ndipo unabwera ndi abale ake onse. Paja akuluakulu anati walira mvula, walira matope.