Dima la Bolasha

Udzu unali utakula m'munda wa chimanga wa Zacarias, ku Mualadzi, ndipo mvula sinkapereka mpata. Makasu awiri sakanautha. Panafunika dima: kuitana anansi kudzapalira tsiku limodzi, mwini munda n'kuwadyetsa.

Mkazi wake Margarida anatchula zofunika: thobwa la mawere, nyemba, nkhwani wotendera, ndi tambala.

"Tambala wanga?" anatero Zacarias. "Ndi nkhuni za masiku atatu? Zimenezo n'zodula, amake Inês. Ku Sozibele, kutauni kuja, tinkagwira ntchito titamwa tiyi basi."

"Ku Sozibeleko munkapalira, bambo?"

Zacarias ananyamuka. Anasenza dengu la mtedza kukagulitsa ku kantina, kasitolo ka m'mudzimo, nabwerako ndi shuga, masamba a tiyi ndi chitini cha bolasha, timikate touma tozuna ta azungu. Njira yonse ankadzitama mumtima: dengu limodzi lokha, tambala n'kutsala akulira pakhomo.

Tsiku la dima anthu anabwera ambiri, poti mbiri ya chitini inali itawanda. Anadya bolasha akunyambita zala, ndipo makasu analira bwino. Koma dzuwa lisanafike paliwombo, nyimbo inazilala. Teodoro, mchimwene wa Margarida, anatsamira mpini.

"Alamu, kolawa kaja kanakoma. Nanga chakudya chibwera nthawi yanji?"

"Mwadya kale."

"Ndiye chinadzera njira ina. M'mimba muno sichinafikemo."

Anthu anaseka, koma ankaseka akupala dothi kumakasu. Wina anakumbukira mbuzi yosamanga, wina mlendo amene palibe anamuona. Munda unatsala theka, udzu ukugwedezeka ngati ukuwatsanzika.

Zacarias anakhala pachulu nthawi yaitali, chitini chopanda kanthu chili pamiyendo. Atafika kunyumba anayang'ana pansi.

"Mawere aja alipo?"

"Chimera ndinapera kale Lolemba," anatero Margarida, osasiya kupeta.

Dima lachiwiri linadya tambala uja, ndi thadzi lomwe, chifukwa Teodoro anakana kubwera asanaone nthenga. Tsikulo anthu anamwa thobwa, nadya nyemba, napalira mpaka kumalire dzuwa litapendeka. Chimanga chinapulumuka. Mtedza wokha ndiwo sunabwerere.

Chitini chija Margarida amasungiramo mbewu ya nyemba, ndipo amachiika poonekera. Mlendo akachiyamikira kukongola, Zacarias amatsokomola, n'kunena yekha asanamunenere: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.