Madzi Odya Chitsulo ndi Dzina la a Mpingasa

Kalekale, masiku amene wenzulo ya fakitale ya nzimbe inkadzutsa chigwa chonse, fungo la madzi a nzimbe owira n'kumafika mpaka kumsika, kunali mkulu wina, a Mpingasa. Ntchito yawo inali yotsuka mathanki ndi makina opopa madzi. Madziwo ankatulukira pakamwa pa paipi, kabowo konga diso la singano, ndipo sankatuluka mosalekeza ngati a pampopi. Ankatuluka moduladula, ngati zibakera zotsatizana, dzimbiri n'kumangoyoyoka.

A Mpingasa analibe mwana. Analera ana atatu a mlongo wawo, anyamata awiri, Lifeyo ndi Zakeyu, ndi mtsikana Esinta, nawaphunzitsa ntchitoyo. Ankakonda kuwauza kuti, "Lathu ndi dzimbiri, chitsulo musachikhudze. Mukachilasa, mwalasa ine." Anali masiku okoma amenewo. Masana ankakhala pamthunzi wa thanki, kumatafuna nzimbe, malume akuimba nyimbo zakwawo mosokoneza mawu.

Tsiku lina m'mawa a Mpingasa analowa m'thanki yosungiramo spiriti, mowa waukali wosachedwa kuyaka, kuti akaone mkati. Chitseko chachitsulo chinawomba pambuyo pawo, mpiringidzo n'kupindika, osatsekukanso. Nthunzi ya spiriti inayamba kuwazunguza mutu. Anamva anthu akuthamanga kunja, wina akufuula kuti abweretse moto wodulira zitsulo, wina akumukalipira kuti kambaliwali kamodzi kokha kaphulitsa fakitale yonse. Anakhala pansi, natsamira khoma, nayamba kuganiza za mlongo wawo amene anatsogola kumanda.

Kenaka anamva injini yawo ikulira. Anaidziwa ngati mawu a mwana.

Lifeyo ndiye anagwira chowongolera mphamvu ya madzi. Anachipotoza mpaka kupitirira chizindikiro chofiira chimene malume ankaletsa. Paipi inauma gwa, ikunjenjemera, ndipo aliyense ankadziwa kuti ikaphulika imudula pakati. Anthu anathawira kutali. Iye anati, "Thawani inu, mkatimo muli malume anga," nakhala pomwepo. Koma madzi ankangowalitsa mahinjesi a chitseko, osawadya.

Zakeyu anatchera khutu, nati, "Achimwene, mwayandikitsa kwambiri. Chibakera sichipweteka dzanja lisanatambasuke." Ankadziwa kuti paipi ikayandikira, madzi amafika asanaumbike zibakera, ndipo ikatalikira amangosanduka nkhungu. Anaibweza pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, tizidutswa ta dzimbiri tikumulasa kumaso, mpaka kulira kwa chitsulo kunasintha. Mkatimo a Mpingasa anamva kusinthako, namwetulira mumdima. Chitsulo chinayamba kukumbika.

Esinta ndiye anaona chimene anzakewo sanachione. Madzi odya chitsulo akaboola, munthu ali kuseri kwake angatsale? Anagogoda khoma, nafuula, "Malume, muli mbali iti?" Sanayankhidwe, pakuti mawu anali atawathera. Choncho iye anatenga ntchito yoyendetsa paipi. Akaimika malo amodzi, madzi aboola. Akathamangitsa, angokanda pamwamba, malume n'kutha mpweya. Anaiyendetsa mobwerezabwereza pamzere womwewo, kwinaku abale ake akumukalipira kuti akuchedwa. Chitsulo chitatsala chopyapyala ngati khoko la nzimbe, anati, "Zimitsani!" Anagunda chitseko ndi chipika, mahinjesi n'kuduka, chitseko n'kugwera kunja. A Mpingasa anali chigonere kuseri kwake komweko, mutu utatsamira pamene madzi akanatulukira.

Anawanyamula, nawagoneka pamphepo. Atatsegula maso anayang'ana mahinjesi odukawo, nati ndi mawu osasa, "Ana inu, mwachilasa chitsulo." Onse anaseka misozi ikutsika.

Zaka zinapita. Fakitale ija inatsekedwa, udzu unamera m'njira za mathirakitala, anzawo a ntchito anabalalika. Makina aja eni ake anawasiyira a Mpingasa, iwo nawasunga m'khumbi kuseri kwa nyumba. Atakalamba, maso atachita khungu, ankapita kukawasisita, kumatchula mayina a anthu amene ankadya nawo nzimbe.

Atamva kuti thupi likuwakana, anaitana atatu aja pamodzi ndi akuluakulu a banja. Anati, "Makina atha kubwerekana. Koma dzina la Mpingasa ndinalilandira kwa malume anga, ndipo salowa anthu awiri. Ndikufuna alowe amene anandipulumutsa."

Lifeyo anati, "Malume, popanda mphamvu imene ndinaikira moyo wanga pachiswe, madzi aja akanangokhala osamba."

Zakeyu anati, "Mphamvuyo inkangowalitsa chitsulo mpaka ine nditapeza poimira."

Esinta anati, "Zoona achimwene, inu awiri munanola mpeni. Koma mpeniwo unaloza pamutu pa malume."

A Mpingasa anasinkhasinkha mawu a atatuwo. Akaganiza za mmodzi, mtima unkawawawira enawo. Anatembenukira kwa akuluakulu aja, akuluakuluwo n'kumangoyang'anana.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tiuzeni: dzina la Mpingasa alowe ndani, Lifeyo amene anapatsa madzi mphamvu, Zakeyu amene anawapezera poluma, kapena Esinta amene anadziwa powaletsera?