Achule a Ottavio

Khitchini ya Lucrezia inali itasanduka dambo. Kwa miyezi itatu mwamuna wake Ottavio, sing'anga wa mumzinda wa Bologna, ankasunga achule mumgolo pafupi ndi ng'anjo ya buledi. Ankawatumbula amoyo n'kumasuzumira m'mapapo mwawo ndi kagalasi kokulitsa zinthu, kufuna njira imene magazi amadutsamo pochoka mumtsempha wina kulowa mu unzake. Dotolo Baldassarre, nkhalamba yoyang'anira aphunzitsi a zachipatala, anali atalumbira kuti akapanda kuiona njirayo ndi maso ake pofika Loweruka, mpando wauphunzitsi aupereka kwa wina.

Lachisanu m'mawa, dzuwa litangolowa pazenera, Ottavio anakuwa ngati waponda khala.

"Mayi, thamangani! Akuyenda! Magazi akuyenda!"

M'mapapo a chule amene anamutumbula pathabwa anali ataona timitsempha toonda kuposa tsitsi, tolukana ngati ukonde. Anamunyamula mkazi wake n'kuzungulira naye tebulo kawiri, ufa uli kobo. Kenako anapsompsona mgolo uja n'kuusenza.

"Mukupita nawo kuti achulewo?" anafunsa Lucrezia.

"Ndikawamasule! Agwira ntchito, ana a Mulungu."

"Siyaniko awiri, bambo. Wa pathabwayo mtima wake sugunda mpaka Khirisimasi."

"Inu za mitima mwazidziwira kuti? Kandani ufa wanu."

Achule onse anawakhuthulira m'ngalande ya kuseri kwa nyumba, akuwatsanzika mmodzimmodzi ngati alendo a paukwati.

Kwa Baldassarre sikunali kutali, koma chimwemwe chilibe njira yachidule. Ottavio anaima kwa wometa kuti amuuze, anamwa vinyo ndi wogulitsa nyama, anakumbatira ngakhale bulu wa wansembe. Anabwerera dzuwa lili paliwombo, nkhalamba ili patsogolo, theka la anthu a mumsewu likulondola.

Baldassarre anawerama, diso pagalasi.

"Ndikuona chule wakufa."

"Yang'anitsitsani, Dotolo!"

"Ndayang'anitsitsa, mwana wanga. Wafa bwinobwino."

Mtima unali utaleka kalekale, mapapo atafwapa ngati chikwama chopanda kanthu.

"Wina! Mayi, ndipatseni wina!"

"Ali kungalande," anayankha Lucrezia. "Akuti zikomo."

Ottavio analumphira m'madzi ndi mkanjo womwe. Koma chisanu, chimene kumeneko chimayamba mu Novembala, chinali chitaluma kale, ndipo achule anali atadzikwirira m'matope kudikira nyengo yofunda. Anthu pamlatho ankamulozera uku ndi uku, akufa nacho chiseko. Chimene anavuula ndi nsapato yakale basi.

Loweruka mpando unapita kwa munthu amene sanatumbulepo ngakhale mbululu. Ottavio anakhala pafupi ndi ng'anjo atafunda bulangete, akuyetsemula, nthawi zina n'kumamwetulira yekha pokumbukira timitsempha tija.

"Koma ndinationa, mayi. Ndinationa ndithu."

"Munationa nokha, ndi malemu aja," anatero Lucrezia akutsuka mgolo wake. "Tsiku lina muzilinda madzi apite, ndipo muziti ndadala."