Nalimata Aperekeza Mlendo M'tauni

Kalekale, misewu ya tala isanapondedwe ndi phazi la munthu, kunali mzinda waukulu wa nyama wotchedwa Chipiringu. Ana inu, sunthirani kuno. Akulu musathamangire kuyang'ana pansi, sinditchula dzina la aliyense, ngakhale nkhaniyi inenso imandichititsa manyazi.

Mu mzindamo munkakhala Nalimata ndi mkazi wake Nasibeko. Nyumba yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya telala. Tsiku lina kunamveka odi wa mawu aakulu, chitseko mpaka kunjenjemera. Anali Nguluwe, mnzake wa Nalimata wa kumudzi kwawo ku Mphanje, chikwama chili paphewa.

"Ndangobwera kudzaona tauni, mng'ono wanga," anatero Nguluwe. "Masiku awiri basi."

Masiku awiri anasanduka sabata. Sabata inasanduka mwezi. Mwezi unaitana anzake awiri. Tauniyo Nguluwe sanaione n'komwe, ankangoona m'mbale. Ufa psiti! Nyemba psiti! Ngakhale sopo wochapira anamulawa, n'kudandaula kuti wachepa mchere. Akagona, mutu m'nyumba, miyendo pakhomo, ndipo eni nyumba ankachita kukwera kukagona kudenga.

Mukudziwa nonse kuti kwathu kuno kufunsa mlendo tsiku lonyamuka n'kumutukwana. Choncho Nalimata ankangomwetulira, m'mimba muli kulira.

Lachinayi lina Nasibeko anamukokera mwamuna wake kuseri kwa nyumba.

"Bambo, Loweruka likafika achimwene anuwa ali pano, ine ndikupita kwathu. Musankhe, ine kapena mkonono umenewu."

"Nanga ndiwauze bwanji? Kumudzi akamva kuti ndathamangitsa mlendo, ndidzakapondako bwanji?"

"Zimenezo n'zanu. Ine ndanena Loweruka."

Nalimata ankamukonda mkazi wakeyo. Anamata pakhoma tsiku lonse, maso tong'o, akuganiza.

M'mawa wa Lachisanu anadzutsa mlendo.

"Achimwene, miyezi itatu tauni simunaione. Lero ndikuperekezeni, mukaone malo abwino a pakati pa mzinda. Anthu akwathu ali mbwee kumeneko, ndipo amadziwa kuphika."

Makutu a Nguluwe anaimirira.

"Tengani ndi chikwama chanu," anawonjezera Nalimata. "Mwina angakupatseni kena kake, musasowe poika."

Nguluwe anachitola msangamsanga, osamva n'komwe kuti chikulemera ngati tsiku limene anabwera nacho.

Anayambira ku Msewu wa Magalasi, kumene nyumba zimakwerana pamsana mpaka khosi kuwawa. Nguluwe anaima pa zenera la shopu ina n'kuyamba kuseka.

"Taona chimunthu cha kumudzi ichi! Matope mpaka m'makutu. Ndani wachilola kulowa m'shopu?"

"Ndi galasi limenelo, achimwene."

Nguluwe anakhosomola, n'kupukuta khutu ndi chigongono.

Pakona pa msewuwo panali Mayi Nkhanga, wogulitsa zitenje, wa ku Mphanje nayenso. Ataona chikwama anafunsa, "Ulendo wa kuti, abale anga?"

"Ndikuwaperekeza achimwenewa," anayankha Nalimata.

Sananame. Koma amene wamva kuperekeza, maso ali pa chikwama, amaganiza za depoti.

"Aa, mukubwerera kumudzi? Khalani pansi, simungayende ndi njala!"

Nguluwe anatsegula pakamwa kuti akonze nkhani. Nthawi yomweyo panafika tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Popeza pakamwa panali potsegula kale, anangoikamo buledi. Psiti!

Mayi Nkhanga anamanga shuga m'chitenje chatsopano. "Mukapatse mng'ono wanga. Mukamuuze kuti mwendo uja wasiya kutupa. Dikirani nditseke, nanenso ndikuperekezeni pang'ono."

Anatsetsereka atatu kupita ku Msika wa Pansi pa Mlatho. Kumeneko ndiye kutauni kwenikweni: oitanira akukuwa, mawilibala akudutsa pamapazi, utsi wa pachiwaya uli tolo! Bambo Chule, wokazinga tchipisi, anawaona ali patali.

"Akwathu! Chikwamachi bwanji?"

Nalimata asanayankhe, Nguluwe anali atanunkhiza kale mafuta.

"Akundiperekeza," anatero yekha. "Ndikupita lero lomwe."

Mbale yoyamba psiti! Yachiwiri psiti! Yachitatu anachita kunyambita mpaka inawala. Bambo Chule anatulutsa botolo la mafuta ophikira ndi mchere, za apongozi ake. Ena a pamsikapo atamva kuti kuli wopita ku Mphanje anathamanga, uyu ndi machesi, uyu ndi nsapato za mwana, uyu ndi uthenga wokha wautali ngati chingwe.

Nguluwe anawerama n'kunong'oneza Nalimata: "Usanene kanthu, iwe. Madzulo tikadyera kunyumba zonsezi. Mawa tidzazungulire mbali ina."

"Ine ndikungokuperekezani, achimwene."

Pochoka pamsika anali khumi ndi awiri. Anakwera mtunda kupita Kumayadi, kumene mipanda ndi yaitali, maluwa amathiriridwa ndi paipi, ndipo msewu uli zii ngati kuli maliro. Kumeneko kunkakhala Mayi Nyamalikiti, wolemera pa onse ochokera ku Mphanje. Iwo sanafunikire kutsegula geti kuti aone alendo, anangosuzumira pamwamba pa mpanda.

"Chigulu chonsechi, kwagwanji?"

"Tikuwaperekeza a Nguluwe!" anayankha onse pamodzi.

Panabwera mpunga. Panabwera keke, chinthu chimene Nguluwe anali asanachilawepo chibadwire. Anadya maso ali otsinzina. Ali pakati pomeza, Mayi Nyamalikiti anati:

"Mwachita mwayi. Lole yanga ikupita ku Mphanje masana ano kukatenga chimanga. A Njati adalaivala ali kale ku depoti. Mukhala kutsogolo ngati bwana."

Keke inaima pakhosi. Nguluwe anayang'ana Nalimata. Nalimata ankayang'ana maluwa.

Ulendo wa ku depoti unali ngati wa ukwati. Amayi akuimba, Bambo Chule wasenza chikwama, ena asenza mitolo. Mwini ulendo yekha ndiye ankakoka miyendo.

"Ndaiwala chipewa changa kunyumba," anatero.

"Chili m'chikwamamo, achimwene. Alamu anu analongedza bwinobwino."

Anayenda pang'ono.

"Bulangete langa linali pachingwe."

"Lili pansi pa chipewa."

Anayendanso pang'ono.

"Koma sindingachoke osatsanzika mlamu wanga! Ndi mwano umenewo. Tibwerere."

"Si awo aima apowo?"

Pa geti la depoti panali Nasibeko, atavala chitenje cha kutchalitchi, m'manja muli mbatata yootcha ya kamba wa paulendo. Ankamwetulira koyamba m'miyezi itatu.

Apa Nguluwe anazindikira zonse. Anayang'ana nkhope zimene zinamuzungulira. Kuti atsale, anayenera kunena pamaso pa onsewo kuti tiyi uja, tchipisi chija ndi keke ija anazidya monama, ndiponso kuti shuga wa mng'ono wa Mayi Nkhanga ankafuna kukamubwira yekha. Manyazi anamugwira kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Mutu zyoli, anakwera lole, lole n'kupendekeka mbali imodzi.

Nasibeko anagwira dzanja la mwamuna wake. "Mawa ndikuphikirani nyemba, bambo," ananong'ona. Nalimata mtima unakhala pansi. Nkhani ikanathera pomwepa, bwenzi ndikuikamba mokondwa.

Koma Mayi Nkhanga, pofuna kuti pasasokonekere kanthu, anayamba kutchula mitolo mokweza. Uwu wa uje, uwu wa uje. Atafika kumapeto anatembenuka.

"Nanga wa a Nalimata uli kuti? Amayi anu mwawatumizira chiyani?"

Onse anatembenukira kwa Nalimata.

Nalimata anali atakonza chipewa, bulangete, njira ndi mawu. Za mayi ake sanaganizeko ngakhale kamodzi.

Nguluwe anatulutsa mutu pawindo. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, koma aliyense anamva.

"Khomo loyamba polowa m'mudzi ndi la mayi ako, mng'ono wanga. Lole iliyonse ikaima, amadzuka ndi ndodo yawo kudzaona ngati watsika ndiwe. Chaka chino n'chachisanu. Ine ndine wadyera, aliyense waona lero. Koma akandifunsa, ndikawauze kuti chiyani?"

Nalimata anagwetsa nkhope. Anasanduka wotuwa mbuu. A Njati analiza injini, lole n'kuyamba kusuntha. Nalimata anatembenuka kuti athawe maso a anthu, ndipo Nguluwe anatambasula dzanja n'kumugwira mchira.

Thethe! Mchira unaduka.

"Ndikawapatsa uwu," anatero Nguluwe, akuukulunga bwinobwino m'kansalu uku ukuphiriphitha. "Aone kuti mwana wawo akadali moyo."

Palibe anaseka. Lole inapita, fumbi linatsala, ndipo operekeza anabalalika mmodzimmodzi osatsanzika Nalimata.

Mchira unameranso, koma manyazi sanachoke. Mpaka lero Nalimata akamva odi amathamangira kuseri kwa chithunzi cha pakhoma, kuopa kuti ndi wochokera ku Mphanje wabwera ndi yankho la mayi ake. Nguluwe naye amayenda mphuno ili pansi, ndipo tauni amailambalala.

Nthano yanga yatsikira pa depoti pomwepo, wofuna kupitirira akwere yake. Inu okonda kucheza kwa abale, akakuuzani kuti tengani ndi chikwama, yambani mwasuzumiramo. Ndipo inu anzeru okhala m'tauni, musanakweze mlendo lole, muzikumbuka amene akudikira kumene loleyo ikukaima.