Dzenje la Kuseri kwa Nyumba

Panali munthu wina amene anamanga nyumba ya njerwa zootcha. Dothi analikumba kuseri kwa nyumba yomweyo, ndipo atamaliza kumanga sanakwirire dzenjelo. Ankati adzaumbanso njerwa za mpanda chaka chamawa. Zinapita zaka zinayi, mpanda osaoneka. Mvula ikagwa dzenjelo linkadzaza, ndipo madzi ankakhalamo mpaka nyengo yokolola.

Munthuyo sanali waulesi. Pabwalo pake pankasesedwa m'mawa uliwonse, ndipo alendo ankayamikira ukhondo wake. Kuseri sankawapititsako.

Anali ndi ana awiri. Woyamba anamwalira ndi malungo m'chaka chachitatu cha nyumbayo. Anatsala wamkazi, dzina lake Ndaziona.

Mkazi wa munthuyo anali ndi mbiya ndi paipi zimene amayi ake ankatchezera kachasu. Ntchito yoipayo iye anaikana, koma ziwiyazo sanazitaye. Ankathyola masamba a bulugamu ndi a chanzi n'kuwaphika m'mbiyamo, nthunzi n'kumadutsa m'paipi, n'kumadonthera m'botolo. Pamwamba pa madziwo pankayandama mafuta onunkhira, ndipo ankawatapa pang'onopang'ono ndi nthenga ya nkhuku. Madengu asanu ndi limodzi a masamba ndi nkhuni za masiku atatu zinkangodzaza kabotolo kotalika ngati chala.

Mafutawo anali othandiza. Wachimfine akanunkhiza, mphuno zinkatseguka. Wachifuwa akapakidwa, atawasakaniza ndi mafuta a nsatsi, ankapumako bwino. Udzudzu nawo unkadana ndi fungo lake. Koma malungo sankachiza. Amenewo ndi a kuchipatala.

Mwamunayo ankawalemekeza kwambiri mafutawo. Ankawatsekera m'bokosi pamodzi ndi kalata ya ukwati ndi jekete lopita nalo kutchalitchi, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Bokosi linkatsegulidwa pokhapokha wina akadwala.

Chaka chachinayi, mvula itangosiya, Ndaziona anadwala malungo. Anamutengera kuchipatala pa njinga, ndipo anagonekedwa masiku asanu. Anabwerako wamoyo, koma wofooka ndiponso akutsokomola. Bambo wake anatsegula bokosi n'kupereka kabotolo kwa mkazi wake.

Mayiyo anapaka mwanayo madontho atatu pachifuwa. Kenako anatenga mbale yoyera, kabotolo kali m'manja, n'kutuluka.

“Mayi a Ndaziona, mukupita nako kuti kabotoloko?”

“Tiyeni mukaone alendo anu amene simunawalonjerepo.”

Mwamunayo anatsatira. Madzi m'dzenjemo anali ataphwera, atatsala malo okwana mphasa ziwiri. Mayiyo anatunga ndi mbale ija n'kumuonetsa. M'mbalemo munali mphutsi za udzudzu zosawerengeka, zikupindikapindika, zina zikukwera pamwamba kudzapuma. Iye anabwezera madziwo m'dzenje, anatsanuliramo mafuta onse mpaka dontho lomaliza, n'kuvundula ndi bango.

“Mankhwala a mwana mwawathira m'matope? Nkhuni zonse zija?”

“Bambo a Ndaziona, takhala tikupaka ana zaka zinayi. Mmodzi tinamupaka mpaka kumanda. Amene adzamulume uyu sabata yamawa ndi awa, ndipo lero alibe mapiko.”

Tsiku lonselo mwamunayo sanalankhule naye, ndipo mwana akatsokomola ankamuyang'ana mkaziyo ndi diso loipa.

Kutacha onse awiri anapitanso kudzenje, ndipo mwamunayo anatunga yekha. M'mbale munalibe chogwedezeka. Anatunganso kumbali ina, n'kupeza chimodzimodzi. Nkhope yake inamasuka.

“Ndiye mutchezenso ena, tizithiramo.”

“Fungo likatha, udzudzu udzaikiranso mazira. Masamba ndingathyole, koma dzenjeli sindinakumbe ndine. Mafuta atha. Khasu lili pakhonde.”

Mwamunayo anayang'ananso madziwo. Apa m'pamene anakumbukira kuti zenera la chipinda chimene ankagona mwana wake woyamba linapenya kudzenjelo. Anapita pakhonde n'kutenga khasu. Kukwirira kunamutengera masiku asanu ndi anayi. Mpanda sunamangidwe mpaka imfa yake, koma Ndaziona anakula, ndipo pamalo pamene panali dzenje anadzalapo chanzi.

Tsopano inu amene mwamva, tamverani. Mulungu anaika mphamvu m'masamba, ndipo anatipatsa nzeru yoitulutsa. Koma ambiri a inu chabwino chimene muli nacho mumachitsekera m'bokosi kudikira tsiku la misozi. Mumadzudzula mwana atakula kale. Mumaitana ankhoswe banja litapasuka. Choipa chikadali mphutsi chimakwanira m'mbale; chikamera mapiko mudzachithamangitsa ndi manja mpaka kutopa.

Ndipo musathamangire kuloza chithaphwi cha mnzanu. Dzenje lija analikumba ndi mwini nyumba, pomanga chinthu chabwino, ndipo analisiya chifukwa cha mawu akuti “chaka chamawa”. Pabwalo panu ndapaona, mposesa bwino. Mukafika kwanu lero, musanavule nsapato, zungulirani kuseri.