Lole Imene Inkaimira Dzanja Lililonse

Ku Kawale kunali mayi wina wa mwana mmodzi wakumsana. Tulo tinkamuvuta chifukwa cha kagetsi kachikasu, kakang'ono ngati njere ya chimanga, kamene kankayaka kuseri kwa chiwongolero cha lole ya mwamuna wake.

Mwamunayo anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha, atagwa pokweza njerwa. Lole ija ndiyo inkadyetsa banjalo. Koma achibale a mwamuna anali atayamba kale kubwera ndi alendo, kuizungulira, kumenyamenya matayala. Ankati igulitsidwe isanawolere pakhomo.

Mayiyo anawapempha kuti adikire mpaka Lachisanu. Kampani ina ya mbewu inkafuna malole onyamula katundu nyengo yonse yodzala, ndipo lole ikapeza ntchito imeneyo palibe akanaigulitsa. Koma kampaniyo inali ndi lamulo lake: lole iliyonse iyambe yayezedwa utsi. Kuyezako kunkatha Lachisanu lomwelo.

Amene ankayendetsa loleyo tsopano anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna, a Lifeyo, munthu wanthabwala.

"Alamu, kagetsi aka ndi kamene kakuondetsani? Taonani kuno."

Anachotsa chingwe cha batire, nadikira pang'ono, nachibwezera. Ataliza injini, kagetsi kaja kanali katazima.

"Ndachiritsa popanda jakisoni. Kandiphikireni nkhuku."

Mayiyo anaseka, koma mtima wake sunaseke. Kagetsi kanazimadi, koma utsi unkatuluka womwe uja.

Atafika koyezetsa, woyeza sanayang'ane n'komwe kagetsiko. Analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, nawerenga, napukusa mutu.

"Mwachotsa batire, eti?"

A Lifeyo anayang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula.

Woyezayo anamufotokozera mayiyo mofatsa. Lole zamasiku ano zili ndi tizipangizo mkati, tokhala ngati mboni. Timayang'anira utsi ndi kutentha pamene lole ikuyenda. Ukachotsa batire, mbonizo zimaiwala zonse, zoipa ndi zabwino zomwe. Ukazifunsa zimangoti sizinakonzeke.

"Sindingalembe kuti lole ndi yoyera pamene mboni zake zili chete, mayi. Mubwerenso zikadzuka."

Mayiyo anapita nayo lole ija kwa makaniko wina ku Biwi. Iye anasintha kachipangizo kamene kanali katafa, kenako anagogoda chitsulo china chapansi, kumene kumadutsa utsi. Anati m'menemo muli fyuluta, sefa ya utsi, ndipo yadzaza mwaye, chifukwa loleyo inazolowera timaulendo tam'tauni: njerwa apa, mchenga apo, kuzimitsa, kuliza, kuzimitsanso. Mwayewo umapsa wokha lole ikathamanga mtunda wautali osaima, mpaka mkati mutatentha kwambiri. Fungo lakupsa likamveka asaope. Pamenepo ndi pamene mboni zimadzuka.

"Apa sipafunikanso sipanala, mayi. Pafunika msewu."

Lachitatu a Lifeyo ananyamuka okha ulendo wa ku Mchinji, msewu wowongoka bwino. Anabwera dzuwa litapendeka, akuimba mluzu, atanyamula mtedza wa mwana. Makaniko atalumikiza kamakina kake, mboni zinali chigonere.

"Ndafika ku Mchinji ndithu! Lole iyi ndi youma mutu basi," anatero a Lifeyo.

Mayiyo anakwera kumbuyo kwa lole, nayang'ana pansi. Panali makoko a nzimbe, nthenga za nkhuku, patapata mmodzi wa mwana, ndi zitosi za mbuzi pakona.

"Alamu, mbuziyi inakwerera pati?"

A Lifeyo anakanda m'mutu. Inakwerera pa Msundwe. Ena anakwerera pa Mpingu, ena pa Namitete. Ndi mmene amachitira madalaivala: lole ikamayenda yopanda katundu, umachita matola, umanyamula aliyense wokweza dzanja m'mbali mwa msewu. Paliponse ankaima, kuzimitsa injini, kudikira kuti anthu achuluke. Pamtsetse ankachotsa giya, kuika pa fili, kuti asunge dizilo.

Ku Mchinji lole inafikadi. Koma mtunda wonsewo sinatenthe ngakhale kamodzi.

Kunatsala tsiku limodzi, ndi dizilo wa ulendo umodzi. Mayiyo ankadziwa kuti mlamu wake si munthu woipa. Ndiwo zimene anadya madzulo amenewo zinachokera ku matola omwewo. Ankadziwanso kuti akamutuma yekha, dzanja loyamba pamsewu limuimitsa.

M'mawa mwake anaikira mwamuna wake phala ndi madzi pafupi ndi bedi. Anatenga mwana, nakwera kutsogolo kwa lole, nakhala pambali pa dalaivala.

"Lero kondakitala ndine, alamu. Tiimira apolisi okha."

Pa Mpingu manja anakwera m'mwamba. Phazi la a Lifeyo linapita lokha pa buleki.

"Chepetsani liwiro, pali anthu. Koma pitirirani."

Pa Msundwe panali bambo wina ndi matumba a mbatata. Anaizindikira lole, nathamangira kumsewu akuitana dzina la a Lifeyo.

"Ameneyo ndi kasitomala wanga, alamu! Adzandida moyo wonse."

"Lole ikagulitsidwa muzidzamunyamula pamsana?"

A Lifeyo anang'ung'udza, koma anadutsa. Bambo uja anatsala akutukwana m'fumbi. Mayiyo anamva chisoni, poti nayenso ankadziwa kuwawa kodikira galimoto padzuwa. Koma sanacheuke.

Atapitirira Namitete, m'lole munayamba kutentha. Kenako kunabwera fungo ngati la mphika umene wapserera. Mwana anayamba kulira.

"Ikupsa iyi! Ndiime!"

Mayiyo nayenso mantha anamugwira. Anamukumbatira mwanayo, nayang'ana msewu.

"Ukupsawo ndi mwaye. Musachotse phazi."

Anapitirira. Pang'ono ndi pang'ono fungo lija linachepa. Injini, imene inkalira ngati munthu wachifuwa, inayamba kupuma momasuka. A Lifeyo anadutsa pa Kamwendo osaimira dzanja ngakhale limodzi, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chawo.

Lachisanu woyeza uja analumikizanso kamakina kake. Anawerenga, nayang'ana mayiyo.

"Mboni zonse zalankhula. Utsi uli bwino."

Lole inalembedwa ntchito, ndipo alendo omenya matayala aja sanabwerenso.

Amayi anzanga, abale anga, lole imeneyi ndi ine, ndi inunso.

Mumtima mukayaka kagetsi kotichenjeza, timathamangira kuchotsa batire. Timati tiiwale, tisazikambenso, zatha. Kuiwala n'kophweka. Koma Mulungu sayang'ana ngati kagetsi kazima. Amafunsa mboni: ana athu, anansi athu, munthu amene timagona naye nyumba imodzi. Kodi iwowo aona kusintha, kapena ali chete?

Ena a ife tinapita kale kwa Mkonzi, ndipo anatikonza. Chatsala ndi msewu. Koma tayendani nafe muone. Tiyamba kupemphera, foni ilira, taima. Tiyamba kukhululuka, mnzathu atikumbutsa zakale, tazimitsa. Tiyamba kusiya miseche, pa mjigo patuluka nkhani yokoma, takweza mbuzi. Chaka chikatha timati tafika ku Mchinji, sitinajombe kutchalitchi. Inde tafika. Koma sitinatenthe, ndipo mwaye uli momwemo.

Manja amene amatiimitsa si onse oipa. Ambiri ndi a anthu odziwana nawo, ndipo amatipatsa kandiwo ka tsikulo. N'chifukwa chake kuwadutsa kumawawa. Ndipo ukapitirira ndithu, pamafika malo pamene pamatentha, pamanunkha, mtima n'kumakuwa kuti ukupsa, ima. Ambiri timaimira pomwepo, patangotsala pang'ono.

Mlongo wanga, ngati wafika pamalo amenewo, amene akupsayo si iwe. Ndi mwaye. Gwira mwana wako, yang'ana kutsogolo, usachotse phazi.